Kudziwiratu Njala Isanafike Pakhomo

Njala imaonetsa zizindikiro miyezi ingapo isanalowe m'mudzi. Chaka chilichonse anthu akakolola, akatswiri a komiti ya MVAC amasonkhanitsa malipoti a kagwedwe ka mvula, zokolola, mitengo ya chimanga m'misika, ndi miyezo ya ana yochokera kwa alangizi a zaumoyo. Akasanthula zonsezi pa kompyuta, amayerekeza mabanja amene nkhokwe zawo zidzakhale mbee kuyambira Okutobala kufikira Malichi.

Mu 2024, chilala cha El Niño chitaumitsa mbewu, kauniuniyu adapeza anthu 5.7 miliyoni ofunika chakudya m'dziko muno, ndipo nthambi ya DoDMA idakonza thandizo potsatira chiwerengerocho.

Motero kholo la ku Namwera, Makanjira kapena Monkey Bay likapita ndi mwana kusikelo, limathandiza kuti vuto la kunyentchera m'boma la Mangochi lidziwike nthawi ikadalipo.