Kodi mumadziwa? Ekizozi ikang'ambika, moyo uli pachiswe

M'boma la Mecanhelas, kuchokera ku Insaca mpaka kuchipata cha Entre Lagos choyang'anana ndi Nayuchi, injini za dizilo zimayendetsa zigayo ndi majenereta. Koma ndi angati amasamala paipi yotulutsa utsi?

• Utsi wa injini uli ndi mpweya wa carbon monoxide, womwe suoneka ndiponso sununkha. Mpweyawu umakakamira m'magazi kuposa oxygen kopitirira ka 200. Mutu, chizungulire ndi nseru ndizo zizindikiro zoyamba zoti walowa m'thupi.

• Mu 2012 nthambi yofufuza za khansa ya bungwe la WHO inalengeza kuti utsi wa dizilo umayambitsa khansa ya m'mapapo.

• Ekizozi imang'ambika kawirikawiri polumikizira, chifukwa cha kunjenjemera kwa injini. Madzi akalowa m'paipi, dzimbiri limaidya kuyambira m'kati.

• Mwaye wakuda pozungulira mabawuti umaulula pomwe pakutuluka utsi. Zimitsani injini, dikirani izizire, kenaka sinthani gasiketi kapena kawotcheretseni paipiyo. Chigamba cha nsanza kapena mphira chimangoyaka.

• Mtundu wa utsi umalankhula: wakuda ndiye kuti mpweya ukuchepa kapena mafuta akuchuluka; wobiriwira ngati thambo ndiye kuti injini ikuwotcha oyilo; woyera ndiye kuti dizilo sakupsa bwino kapena madzi alowa.

• Sailensa ikatsekeka ndi mwaye, injini imafooka, imatentha, n'kumamwa mafuta ambiri.

Jenereta isalire m'nyumba yogona. Paipi ituluke kunja, kutali ndi mazenera ndi denga la udzu.