Timadontho ta pa Khadi la Kusikelo

Amayi, m'sewero lija la pa wailesi munamva mayi wina akubwera kusikelo ali wokhumudwa. Mwana wa mnansi wake analemera makilogalamu 9, wake 8 okha, chonsecho anabadwa mwezi umodzi. Dandaulo lomweli limamvekanso pamzere wa sikelo kuno ku Matandani.

Dziwani kuti alangizi a zaumoyo sayerekeza mwana wanu ndi wa mnansi ayi. Mizere yokhota ija ili pa khadi inachokera kwa ana oposa 8,000 amene bungwe la WHO linawayeza kuyambira 1997 mpaka 2003 ku Ghana, Brazil, India, Norway, Oman ndi ku America. Anapeza kuti ana oyamwa bwino ndi osamalidwa bwino amakula mofanana, ngakhale akhale a mtundu wanji. Anyamata ali ndi mizere yawo, atsikananso yawo.

Mzere wapakati ukutanthauza kuti mwa ana athanzi a msinkhu umenewo, theka amalemera kuposa pamenepo, theka samafikapo. Choncho kadontho ka mwana wanu kakakhala pansi pang'ono pa mzerewu, musade nkhawa. Chofunika ndi kumene timadonthoto tikulowera mwezi ndi mwezi. Tikamakwera, mwana akukula. Tikaima malo amodzi miyezi iwiri kapena kuyamba kutsika, chilipo chimene chalakwika: mwina chakudya chikuchepa, mwina malungo kapena kutsegula m'mimba. N'chifukwa chake kujomba kusikelo n'koipa. Kadontho kamodzi sikanena kanthu.

Koma sikelo payokha ikhoza kukunamizani. Mwana wina amaoneka wonenepa ndithu, koma ndi wamfupi poyerekeza ndi zaka zake. Kumeneku ndiye kupinimbira. Kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mwa ana 100 alionse osakwana zaka 5 m'Malawi muno, 37 anali opinimbira. Ambiri timangoti, "N'kumtundu, agogo ake analinso aafupi." Nthawi zina n'zoona, koma kawirikawiri vuto ndi phala lopanda nsinjiro ndi matenda obwerezabwereza. Ndiye musatope akamayeza msinkhu. Wosakwana zaka 2 amamuyeza atamugoneka pa thabwa, wamkulupo ataimirira.

Palinso kalamba kamitundu itatu kamene amazunguliza pamkono, pakati pa phewa ndi chigongono, mwana akakwanitsa miyezi 6. Kobiriwira ndiye kuti ali bwino. Kachikasu, wayamba kunyentchera. Kofiira, kutanthauza kuti mkono sukufika masentimita 11.5, mwanayo ali pangozi ndipo ayenera kuyamba kulandira chithandizo monga chiponde tsiku lomwelo.

Chenjerani ndi kutupa. Madzi a m'thupi amakweza sikelo, mayi n'kumasangalala kuti mwana wanenepa. Dinikizani ndi chala chachikulu pamwamba pa mapazi onse awiri, muwerenge mpaka 3. Pakatsala kadzenje, musataye nthawi kufunsana kuti wamutsempha mwanayu ndani. Muberekeni, mutenge khadi lake, mupite kuchipatala.