Cholowa cha pa phiri la Kaso chikulankhulabe

Mwambo wa maliro ukangotha, abale amayamba kufunsana kuti malemu asiya chiyani. Amawerenga nyumba, minda, ziweto ndi ndalama za kubanki. Mikangano ya chuma cha masiye idafika poipa kotero kuti m'chaka cha 2011 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo latsopano loteteza amayi ndi ana otsala. Komabe chilipo cholowa china chimene palibe angachilande, ndipo chitsanzo chake chili pafupi ndi anthu a ku Salima.

Ku Chinguluwe, dera la alimi a thonje m'bomali, Akhristu ambiri akamapita kukapemphera Lamulungu amanyamula Buku Lopatulika. Buku limeneli lidabadwira kumtunda, m'mapiri a Mvera m'boma la Dowa, amene munthu amawadutsa pochoka ku Salima kupita ku Lilongwe.

Mishoni ya Mvera idayamba pa 28 November 1889, pamene abusa awiri a mpingo wa Dutch Reformed ochokera ku South Africa, Andrew Charles Murray ndi T.C.B. Vlok, adamanga msasa m'dziko la mfumu Chiwere. M'chaka cha 1894 kudabwera mbusa wina, William Murray, amene adadzasenza ntchito yomasulira Baibulo lonse.

Ntchitoyi idagwa m'manja mwake amishoni a mipingo yosiyanasiyana atagwirizana m'chaka cha 1900 kuti pakhale Baibulo limodzi la Chinyanja, lomveka kwa Amang'anja a kummwera ndi Achewa a m'chigawo chapakati. Murray adagwira ntchitoyi mothandizana ndi Alexander Hetherwick wa mishoni ya Blantyre, komanso aphunzitsi ndi akulu a mpingo a kuno kwathu, eni chiyankhulo. Gawo lalikulu la ntchitoyi lidachitikira pa phiri la Kaso, pafupi ndi Mvera.

Kumasulira kotere kudali kuyenda pang'onopang'ono. Liwu lililonse lidayenera kuyesedwa kuti lisapotoze uthenga komanso lisakhale lachilendo m'khutu la munthu wa kumudzi. Mawu ozolowereka kummwera mwina sadali kumveka chimodzimodzi ku Dowa kapena m'mbali mwa nyanja, ndipo omasulira adayenera kumvana pa mawu amodzi. Nkhondo yaikulu ya 1914 mpaka 1918 idayamba n'kutha ntchito idakali m'kati. Baibulo lathunthu lidasindikizidwa m'chaka cha 1922, patadutsa zaka 22 chigwirizanirane. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Apa ndi pamene pagona phunziro la chikhulupiriro. Omasulirawo adalibe chitsimikizo chakuti adzaliona bukulo ndi maso awo, popeza malungo adali atatenga kale anzawo ambiri m'mishoni za m'mbali mwa nyanja. Anthu odziwa kuwerenga adali ochepa. Iwo adagwirabe ntchito tsiku ndi tsiku, akudalira kuti Mulungu amene adawatuma ndiye adzapereka owerenga.

Owerengawo adabweradi. M'sukulu za m'midzi za mishoni, ana ndi akulu adaphunzira zilembo kuti athe kudziwerengera okha Mawu a Mulungu. Bukuli lidafika kummawa kwa Zambia, kumene mpingo womwewu udatsegula mishoni ya Magwero m'chaka cha 1899. Lidayendanso m'zikwama za amuna opita kukagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu a ku Zimbabwe ndi ku South Africa. Kwa ambiri a iwo, lidali liwu lakwawo m'dziko la eni.

Pambuyo pake kudatuluka mabaibulo ena a Chichewa. Akatolika adatulutsa Malembo Oyera m'chaka cha 1966, ndipo mu 1998 kudabwera Buku Loyera, lomasuliridwa ndi Akatolika ndi Aprotestanti pamodzi m'Chichewa cha makono. Pamene Buku Lopatulika limati Yehova, Buku Loyera limati Chauta. Ngakhale zili choncho, buku la 1922 likuwerengedwabe m'matchalitchi, pamaliro ndi pamaukwati, zaka zoposa 100 chitulukire.

Dzina la William Murray lidatsala pa sukulu ya sekondale ku Nkhoma. Amalawi amene adakhala naye pa Kaso, kumuwongolera mawu ndi kumukaniza pamene adaphonya, mayina awo sali pachikuto cha bukuli. Koma mayi wa ku Chinguluwe akatsegula Masalimo usiku mwana akudwala, mawu amene amamutonthoza ndi amene iwo adasankha. Mphunzitsi, namwino kapena kholo limene likugwira ntchito yake mokhulupirika lero, popanda womuyamikira, likuyenda m'njira yomweyo imene anthu a pa Kaso adapondamo.