Chithunzi cha Mayi Wapakati pa Botolo la Mowa

Anthu amene amagula vinyo kapena mowa wina wa m'mabotolo wochokera kunja mwina anaonapo kachithunzi kakang'ono kumbuyo kwa botolo. Ndi ka mayi wapakati atagwira tambula, ndipo pa iye padutsa mzere, monga zikhalira zikwangwani zoletsa za pamsewu. Tanthauzo lake ndi lakuti mayi amene ali ndi pakati asamwe chakumwacho.

Chenjezo limeneli si lakale kwambiri ayi. M'chaka cha 1968 dokotala wa ana wa ku Nantes m'dziko la France, dzina lake Paul Lemoine, analemba za ana 127 obadwa kwa makolo okonda mowa. Anaona kuti anawo anali opinimbira, ndiponso ofanana nkhope ngati apachibale. Koma mawu ake sanamveke patali. M'chaka cha 1973 madokotala awiri a ku Seattle ku America, Kenneth Jones ndi David Smith, anapeza zomwezo, natcha vutoli Fetal Alcohol Syndrome. Pamenepo maboma anayamba kutchera khutu. Boma la America linaika lamulo m'chaka cha 1988, ndipo kuyambira November 1989 botolo lililonse la mowa logulitsidwa kumeneko liyenera kukhala ndi mawu ochenjeza amayi apakati. Ku France lamulo lotere linayamba kugwira ntchito mu 2007, ndipo ogulitsa amasankha mawu kapena chithunzi chija. Ku Australia ndi New Zealand linayamba mu 2023. Kumeneko Boma linalamulanso kukula kwa chenjezo ndi kuti likhale ndi mtundu wofiira, ndipo linachita bwino, pakuti chenjezo lobisika pakona pa pepala silichenjeza munthu.

Kodi mowa umam'fika bwanji mwana amene sanabadwe? Mayi akamwa, mowa umalowa m'magazi ake, ndipo kuchokera m'magaziwo umapita kwa mwana kudzera mumchombo, njira yomweyo imene chakudya chimadzera. Munthu wamkulu ali ndi chiwindi chokhwima chimene chimachotsa mowa m'thupi pang'onopang'ono. Chiwindi cha mwana wa m'mimba sichinakhwime, chotero sichitha ntchito imeneyi. Chiwalo chimene chimapwetekeka kwambiri ndi ubongo, chifukwa umakula miyezi yonse isanu ndi inayi. Nthawi zina pakati pamachoka, kapena mwana amabadwa masiku asanakwane. Ana ena amabadwa ochepa thupi, a mutu waung'ono, a maso aang'ono, mlomo wam'mwamba wopyapyala, ndipo kangalande ka pakati pa mphuno ndi mlomo sikaoneka bwino.

Koma ana ambiri opwetekedwa ndi mowa nkhope zawo zilibe chizindikiro chilichonse. Vuto lawo limadzaonekera kusukulu. Mwana wotere amaiwala mawa zimene anaphunzira lero, satha kukhala chete, ndipo masamu amam'vuta koposa. Aphunzitsi asafulumire kunena kuti ndi waulesi kapena wamwano. Mankhwala obwezera ubongo wake kulibe, koma kumuphunzitsa mofatsa, chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, ndi kubwereza kawirikawiri, kumam'thandiza ndithu.

Tsono vuto la kumudzi ndi ili: mowa umene anthu ambiri amamwa ulibe pepala. Masese amamwera m'chipanda, ndipo kachasu amathiridwa m'botolo lakale la chakumwa china. Palibe chithunzi, palibe mawu, komanso palibe amene adziwa ukali wake, pakuti kachasu wa lero safanana ndi wa dzulo. Ena amati masese ndi chakudya chabe, amapatsa mphamvu mayi wapakati. Si zoona. Chinthu choledzeretsa cha m'masese ndi chomwecho chimene chili m'vinyo wa ku France, ndipo mwana m'mimba sasiyanitsa. Ngakhale thobwa, likagonera masiku mpaka kusasa, layamba kusanduka mowa. Madokotala sanapeze muyeso wa mowa umene anganene kuti ndi wosaopsa kwa mayi wapakati. Nchifukwa chake amati asamwe konse, kuyambira pamene ayamba kufuna mwana, popeza masabata oyamba mayi sadziwa kuti waima.

Kumene kulibe pepala, uthengawu uyenera kuyenda pakamwa. Odziwa kuwerenga afotokozere anzawo, makamaka anamkungwi amene amalangiza mtsikana wa pakati poyamba, ndi amayi ofulula mowa, amene amalawa kangapo poyesa ngati wapsa. Bambo nayenso asabwere ndi botolo kunyumba ndi kuyembekeza kuti mkazi wake adzangoliyang'ana.

Mayi amene anamwa asanadziwe kuti ali ndi pakati asataye mtima, pakuti kuleka pa mwezi uliwonse kumathandiza mwana. Akapita kusikelo awauze anamwino zoona zake. Koma amene anazolowera kumwa kwambiri tsiku ndi tsiku, mpaka manja amanjenjemera akapanda kumwa, asaleke mwadzidzidzi ali yekha kunyumba, chifukwa angathe kukomoka. Ameneyo apite kuchipatala kuti akam'thandize kuleka.