Mwana Wovutika Kuwerenga Si Mbuli Ayi

Amayi anzanga a m'tauni ndi a kumudzi, sabata ino tiyeni tiyambe taika pambali za kuphika ndi kusoka, tikambirane za mwana amene amapita kusukulu tsiku ndi tsiku koma malembo osamulowa m'mutu.

Pamsonkhano wa gulu lathu, kuno kumapiri a Dowa ndi Ntchisi, mayi wina anaimirira nadandaula za mwana wake wamwamuna wa zaka 10. Mnyamatayo amadziwa mbuzi zonse za agogo ake, ndipo akamtuma kumsika wa ku Mponela sabedwa chenji. Koma wabwereza Sitandade 2 kawiri, ndipo pofuna kulemba "bambo" amalemba "dambo". Mayiyo anati: "Bambo a kunyumba atopa naye. Akuti angosiya sukulu, azithandiza kusoka fodya." Atakhala pansi, amayi ena atatu anaulula kuti nawonso ali ndi ana otere.

Tidziwe kuti vuto limeneli si ulesi kapena kulodzedwa. Pachingerezi limatchedwa dyslexia, ndipo limapezeka m'maiko onse. Mwana wotere nzeru ali nazo, koma amavutika kulumikiza liwu limene wamva ndi chilembo chimene waona. Chimene amasowa ndi kuphunzitsidwa pang'onopang'ono, mobwerezabwereza. Nanga mphunzitsi mmodzi angathe bwanji zimenezi? Chiyambire maphunziro aulere a pulaimale m'chaka cha 1994, ana anachuluka kwambiri, mwakuti m'makalasi ena oyambirira mumakhala ana oposa 100. Mwana wochedwa kumva amangokhala kumbuyo, anzake akamaimba maphatikizo iye n'kumangoyendetsa milomo.

Apa ndi pamene pakubwerera nkhani ya matabuleti. Tabuleti ndi kakompyuta kaphanthiphanthi, kakukulu ngati kope. M'chaka cha 2013, bungwe la onebillion la ku Britain pamodzi ndi la VSO anayesa zipangizozi pasukulu ya Biwi ku Lilongwe, poyamba pophunzitsa masamu, ndipo akatswiri a ku yunivesite ya Nottingham anaona kuti ana apinduladi. Pambuyo pake anaonjezamo maphunziro a kuwerenga m'Chichewa. Mu 2019 bungwe la onebillion linali limodzi la awiri amene anapambana mpikisano waukulu wa Global Learning XPRIZE, umene unayesedwera m'midzi ya ku Tanzania. Ndipo mu 2023 Unduna wa Zamaphunziro unayamba ntchito yotchedwa BEFIT m'sukulu 500, ndi cholinga choti ifike m'sukulu zonse za boma, kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4. Matabuletiwa amatchajidwa ndi mphamvu ya dzuwa, choncho ngakhale sukulu ya kuseri kwa phiri, kopanda magetsi, ingathe kukhala nawo.

Kodi kachipangizoka kamathandiza motani? Mwana amavala zomvera m'makutu, namva mphunzitsi wa m'tabuletimo akumlankhula m'Chichewa. Amamuonetsa chilembo, natchula liwu lake, ndipo mwana amalondola chilembocho ndi chala pagalasi. Kenaka amalumikiza malembo kuti apange maphatikizo, monga "ba" ndi "da", mpaka afike pa mawu ndi tinkhani. Akalakwa, amayesanso. Tabuleti sitopa, sikalipa, ndipo palibe mnzake womuseka, pakuti aliyense ali pa phunziro la msinkhu wake. Kwa mwana amene wakhala akuchita manyazi, chimenechi si chinthu chaching'ono.

Komabe tisanamizane, amayi. Tabuleti si mankhwala, ndiponso silowa m'malo mwa mphunzitsi. Mwana wa vuto lalikulu amafunikabe mphunzitsi wa luso lapadera, monga aja ophunzitsidwa ku koleji ya Montfort ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu. Ndiye ife udindo wathu ndi uwu.

Choyamba, tileke kumenya mwana ndi kumutcha mutu wouma, chifukwa mantha amatseka nzeru. Chachiwiri, tipite naye kuchipatala akamuone maso ndi makutu, poti ena chovuta chawo chili pamenepo. Chachitatu, tikaonane ndi aphunzitsi aakulu mwaulemu, tiwafotokozere zimene taona, ndi kufunsa ngati matabuleti anafika. Ngati anafika, mwana asajombe, ngakhale nthawi yokumba mtedza kapena yokolola soya, pakuti phunziro lodukizaduka siligwira. Chachinayi, tigwirizane ndi mafumu ndi komiti ya sukulu poteteza zipangizozi kwa akuba. Kumene sanafike, tisangopinda manja: madzulo mwana alembe malembo ndi chala padothi, mkulu wake akumutchulira maliwu, monga momwe ife tinayambira.

Mayi uja tinamperekeza kukalankhula ndi bambo a kunyumba kwake, ndipo anavomera kuti mnyamatayo apitirize sukulu. Sanafike powerenga buku, koma "bambo" ndi "dambo" tsopano akusiyanitsa. Akuluakulu anati kuongola mtengo mpoyamba. Pamsonkhano wotsatira wa gulu lanu, funsanani kuti ndi ana angati m'mudzi mwanu amene ali ngati ameneyu, ndipo musankhe amayi awiri okaonana ndi aphunzitsi aakulu mwezi uno usanathe.