Kamvekedwe ka Mau ndi Cuni m'Nyimbo za Kwaya za Cinyanja

Aliyense amene anamverapo makwaya m'machalichi a ku Chipata kapena ku Lusaka adziwa kuti kwaya ingathe kuimba mokoma zedi, koma omvera n'kutuluka osatolapo ciganizo n'cimodzi comwe. Kawirikawiri mlandu umagwera oimba, akuti satsegula pakamwa. Ife tiona kuti gwero la vutoli lagona pa kusamvana kwa cuni ndi kamvekedwe ka cinenero ceniceni.

Cinyanja cimasiyanitsa matanthauzo mwa kukweza ndi kutsitsa liu. Mténgo umamera m'thengo, pamene mtengo ndi wa pamsika. M'aneni ndimo muli nchito yaikulu: ndímathandíza anena za cizolowezi ca masiku onse, koma ndimathándiza anena za kale. Cuni ikakwera pamene cinenero citsika, nthawi ya mneni imasokonezeka. Komabe sitifuna kukuza nkhaniyi mopitirira, pakuti mau oyandikana nao amapulumutsa tanthauzo. Palibe mkhristu amene, pomva za mtengo wa moyo, amayamba kuganiza za ndalama.

Cimene cimapweteka khutu koposa ndi utali wa maphatikizo. M'Cinyanja phatikizo laciwiri kucokera kumapeto ndilo limatalika ndi kulemera, makamaka pothera cigawo ca ciganizo, monga anafotokozera Kanerva mu 1990, ndiponso Downing ndi Mtenje mu 2017. Timati Muluungu, cikoondi, mteema wa mauwo uli pamenepo. Tsono nyimbo zambiri za Cingelezi, monga za muyeso wa maphatikizo 8.6.8.6, zimathera mzere pa phatikizo lolemera ndi lalitali. Wotanthauzira akaika mau a Cinyanja pa cuni yotere, woimba amakakamizika kukoka phatikizo lomaliza, lija limene poyankhula timangolipeputsa, nati Mulunguu, cikondii. Mwana wobadwira m'cinenero amamva ngati mlendo ndiye ayankhula. Palinso vuto la kuwerengera: mau athu ndi atali, ndipo pofuna kuti akwane m'mzere otanthauzira anawadula, motero m'mabuku a nyimbo mwadzaza Mlungu ndi Mbuye.

Sitinena izi ponyoza amisyoni. Amene anafika ku Magwero mu 1899 anabwera ndi cuni za kwao, pamodzi ndi kalembedwe ka tonic sol-fa kamene John Curwen anafalitsa ku England, ndipo kalembedweka kanathandiza anthu ambiri kuphunzira nyimbo popanda limba. Koma sol-fa imayamba ndi do, re, mi, mau n'kubwera pambuyo. Woimba amaloweza cuni asanadziwe cimene adzanena. Mmodzi mwa amene anaona colakwikaci anali A. M. Jones, wansembe wa Anglican amene anaphunzitsa ku Mapanza, mlembi wa Studies in African Music (1959). Kwa Akatolika khomo linatseguka mu 1963, pamene Msonkhano Waciwiri wa Vatican unalola zinenero ndi maimbidwe a eni dziko m'mapemphero. Nyimbo zopekedwa kucokera pamenepo, za mtsogoleri ndi ovomera, zimamveka msanga cifukwa cuni inabadwira m'mau.

Mgwirizano wa mau anai uli ndi msampha wakewake. M'maimbidwe a makolo, mau apamwamba ndi apansi kawirikawiri amayendera limodzi: wina akakwera, mnzake akweranso, ndipo kamvekedwe ka cinenero kamasungika kwa onse. Malamulo a ku Ulaya amakonda kuti besi atsike pamene sopulano akwera. Zikatero, ngakhale sopulano atsate cinenero mokhulupirika, besi ndiye acitsutsa pa phatikizo lomwelo.

Apa m'pamene wotsogolera kwaya amasanduka mphunzitsi wa cinenero, afune asafune. Cuni ya m'buku sangaisinthe, pakuti mpingo unaizolowera, koma zina zili m'manja mwake. Angathe kuyamba maphunziro mwa kuuza oimba kuti anene mzere uliwonse monga poceza, namvetsera pamene liu likwera ndi pamene litalika. Angathe kufewetsa phatikizo lomaliza ndi dzanja lake, kuti litalike koma lisalemere. Angathenso kucepetsa mphamvu ya besi ndi tenala pa mau amene anyamula uthenga, ndi kuika popumira pamene ciganizo cathera, osati pamene mzere wa m'buku wathera. Aphunzitsi a Cinyanja amene amaitanidwa kukaweruza mipikisano ya makwaya a sukulu angayambe kupereka malikisi pa zinthu zimenezi.