Kamera ikamaphethira musaitaye msanga

Ojambula zithunzi a pa Chitakale mpaka ku Limbuli amalidziwa vutoli: ukwati uli m'kati, sikirini ya kamera thi! kenaka yayakanso yokha. Kasitomala wakwiya, ndalama yapita.

Nthawi zambiri wolakwa ndi chinyontho. Ku Mulanje kuno mvula ndi chiperoni sizisowa. Kamera ikazizidwa kuphiri, kufupi ndi Sapitwa pa mamita 3,002, n'kutsikira kotentha ku Likhubula, nthunzi imasanduka timadontho m'kati mwake.

Tsono chitani izi abale. Chotsani batire ndi memory card, pukutani tizitsulo togunda batire ndi kansalu kouma. Igonekeni kamerayo m'kontena yotseka bwino pamodzi ndi timapaketi ta silica gel, tija topezeka m'mabokosi a nsapato. Osaiwamba pambaula ayi.

Koma ngati sikirini imathima pokhapokha mukaitembenuza, kawirikawiri ndiye kuti kachingwe kopyapyala kolumikiza sikiriniyo kayamba kuduka. Apo pitani kwa amisiri. Osamasula nokha, chifukwa flash imasunga magetsi oti n'kukumenyani ngakhale batire mutachotsa.

Zithunzi za akwati musadere nazo nkhawa, zimakhala m'khadi.